Kamera ya a Mwetulirani

"Osagwira pagalasipo, mayi. Gwirani m'mbali."

"Ndagwira m'mbali."

"Nanga chala chachikulucho chili pati?"

Mayi a ku situdiyo anachotsa chala palenzi n'kupumira m'mwamba. Amuna awo anali pampando wa makasitomala, kutsogolo kwa chinsalu chojambulidwa mapiri ndi mathithi. Dzanja lawo lamanja linali m'chikhakha kuyambira pachigongono mpaka m'zala, ndipo mwendo wotupa anali atausanjika pakatebulo. Dzulo lake anagwa panjinga pozemba galu. Anthu onse a mumsewu umenewo ankawatcha a Mwetulirani, poti ndiwo mawu amene ankauza aliyense woima kutsogolo kwa kamera yawo, ngakhale eni akewo mano awo ankaoneka kamodzi pachaka.

Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za banja lawo, mayi ankalandira makasitomala, kutsuka zithunzi m'chipinda chamdima, kuziyanika ndi kuzidula m'mbali. Koma kamera anali asanaikhudzepo. Inkakhala m'chikwama chachikopa pamwamba pa kabati, ndipo ngakhale fumbi lake ankapukuta okha bambo.

Tsiku limenelo panalibe kuchitira mwina. Sabata yapitayo kunabwera namwino wina kudzapempha kuti akajambule bambo ake kunyumba. Iye anali atapeza ntchito kudziko lakutali ndipo ndege yake inali ya Lachisanu. Bambo akewo, telala wakale, anali atadwala sitiroko. Abale onse anagwirizana zokumana Lachitatu masana kuti ajambulitse pamodzi, ndipo Lachitatulo ndiye linali litafika.

"Kagudumu aka pamwamba kali pa A," anatero a Mwetulirani. "Musakasunthe. Kakakhala pamenepo, kamera imayeza yokha kuwala. Inu ikani diso pakazenera aka. Mukuona kasingano cha kumanja?"

"Ndikukaona. Kakunjenjemera ngati ine."

"Kakatsika kupitirira pa 60, chithunzi chituluka chogwedezeka. Zikatero mupotoze mphete ya manambala palenzipo, mupite ku nambala yaing'ono kuti kuwala kulowe kochuluka. Kasinganoko kakwera."

"Ngati imaganiza yokha, bwanji osangoituma ipite yokha?"

"Kuganiza imaganiza, koma ndi yopusa. Ikaona zenera lowala kumbuyo kwa munthu, imayesa dziko lonse lawala, basi imatsinzina. Nkhope osaoneka."

"Zimenezo ndiye musandiuze. Ndatsukapo zithunzi zanu zambirimbiri zopanda nkhope."

A Mwetulirani anakhala ngati sanamve. Analoza m'chikwama momwe munali malenzi ena awiri. Yaifupi inali ya malo opanikizika, yotha kumeza chipinda chonse. Yaitali inali yokoka nkhope ili patali. Anawauza mayi kuti adine kabatani ka pambali, apotoze lenzi mpaka ichoke, ndipo poika ina, kadontho kofiira ka palenzi kakumane ndi kadontho kofiira ka pakamera. Mayi anayesa katatu. Kachitatuko lenzi inalira kuti ke, n'kukhala. Kenako anaika filimu, bambo akuwauza chilichonse kawirikawiri.

"Mukaigwetsa musabwerenso kuno," anatero a Mwetulirani mayi ali pakhomo.

"Ndikaigwetsa ndikaiikitsa chikhakha, muzikhala awiri."

Namwino uja atatsegula chitseko anayang'ana kumbuyo kwa mayi, kufunafuna wojambula. Mayi anafotokoza za njinga ndi galu.

"Pepani kwambiri. Ndiye inunso mumajambula, mayi?"

"Ndikuyamba lero. Sindingakunamizeni."

Namwinoyo anayang'ana chikwama chachikopa chija.

"Lowani," anatero. "Lachitatu lina tilibe."

Chipindacho chinali chaching'ono. Munali bedi, kabati, ndi makina osokera ovundikira nsalu, pamwamba pake atasanjikapo wailesi ndi mabotolo a mankhwala. Abale asanu ndi atatu anali atathithikana mmenemo, onse atatchena. A telala anali atawakhazika pampando kutsogolo kwa zenera, atawaveka suti imene tsopano inkawakulira m'mapewa. Mbali yakumanzere ya nkhope yawo inali itagwa, ndipo anali ataiphimba ndi mpango.

"Bambo, wojambula wafika," anatero namwino.

"Ajambule khoma," anayankha a telala. Mawu ankatuluka molemera, koma aliyense anamva. "Ine ayi."

"Tinagwirizana kale, bambo."

"Munagwirizana inu. Upite ndi nkhope iyi kunja, ukaonetse ndani?"

Namwino anatembenukira kukhoma n'kuyamba kukonzakonza kalendala imene inali bwinobwino.

Mayi anatulutsa kamera n'kuika diso pakazenera. Kasingano kanathamangira pamwamba penipeni. Zenera linali mbee, ndipo a telala ankangooneka ngati mthunzi wovala suti. Komanso mwa abale asanu ndi atatuwo, ankakwanamo anayi okha.

"Tisunthe mpandowu," anatero mayi.

"Apa ndiye pali kuwala, mayi," anatero mchimwene wake wa namwino, bambo wamtali wa tayi yofiira. "Tasankha dala."

"Mwasankha bwino, koma kuwalako kukuwaomba kumsana. Ine ndikufuna kuwaombe kumaso."

Amuna awiri ananyamula mpando pamodzi ndi mwini wake n'kuutembenuza cham'mbali. Kuwala kwa pazenera kunagwera mbali yakumanja ya nkhope ya a telala, imene inali yabwinobwino, ndipo mbali yodwala ija inalowa mumthunzi. Mayi anaziona zimenezi asanaikenso diso pakamera. Anagwada pafupi ndi mpandowo n'kuyankhula motsitsa mawu.

"Bambo, mbali iyi ndi imene ioneke. Inayo ikhala mumdima. Zithunzi ndimatsuka ndine, ndipo chikatuluka chosakusangalatsani ndiching'amba ndekha."

A telala anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako maso awo anatsikira pakhosi pa mayi.

"Kolala imeneyi anasoka ndani?"

"Ndinasoka ndekha, bambo."

"Zikuoneka."

Mchimwene uja ndiye anayamba kuseka, kenako onse. Namwino anatembenuka, maso ali ofiira, nayenso akuseka.

"Chidwalireni sananyozepo chovala cha munthu," anatero. "Lero ndiye achira."

"Makasitomala anga anali achikwati okhaokha," anatero a telala. "Kolala yotere ndikanatseka shopu."

"Nanga makina amene ankasoka za achikwatiwo tiwasiye kunja kwa chithunzi?" anafunsa mayi. "Si abale nawonso?"

Ana a namwino anachotsa wailesi ndi mabotolo aja, n'kuvundukula nsalu. Makinawo anali akuda, zolemba zake zagolide zitafufutika pomwe dzanja linkagwira. Anawakokera pafupi ndi mpando. A telala anatambasula dzanja lawo labwino n'kugwira gudumu la makinawo, ndipo kuti atero anasiya mpango uja. Unagwera pamiyendo, ndipo palibe amene anautola.

Tsopano panafunika lenzi yaifupi kuti onse akwane. Mayi anakhala pabedi, anaika kamera pamiyendo, anadina kabatani n'kuchotsa lenzi. M'kati munaoneka kagalasi kowala, kamera ya amuna awo ili pululu pamaso pa anthu. Anaika lenzi yaifupi ija, anapotoza, koma sinagwire. Anayesanso, osatheka. Abale onse ankawayang'ana.

"Musakakamize," anatero a telala. "Bobini ya makina osokerawa nayo imatero. Yang'anani kaye polowera."

Mayi anapukuta manja pasiketi n'kuitembenuza lenziyo pang'onopang'ono mpaka anaona kadontho kofiira. Anakalunjika pa kanzake, anapotoza, ndipo inalira kuti ke.

Ataika diso, chipinda chonse chinalowamo, ndi bedi lomwe. Koma poti tsopano zenera silinali kutsogolo kwa kamera, kasingano kanali katagwera pa 15. Anapotoza mphete ya manambala kamodzi, kawiri, mpaka kanakwera n'kuima pa 60. Anapotoza mphete inayo mpaka nkhope ya a telala inaoneka bwino. Anatsamira mphuthu ya chitseko, anagwira mpweya, n'kudina. Phokoso lake linali laling'ono kuposa momwe ankayembekezera. Anakoka kachitsulo kosuntha filimu n'kudinanso.

Za kuuza anthu kuti amwetulire anaiwaliratu. A telala anali atayamba kufotokozera adzukulu awo momwe anasokera yunifolomu yoyamba ya mayi awo, namwino uja, ndipo aliyense ankaonjezera zake. Mayi ankangodina. Atajambula khumi ndi zisanu anaika lenzi yaitali, ulendo uno osavutika, n'kupita pakona. Anatsamiritsa zigongono pakabati kuti manja asagwedezeke. Namwino anali atagwada pafupi ndi bambo ake, akuwakonza tayi. Mayi anajambula mpaka kachitsulo kosuntha filimu kanakana kuyenda. Filimu inali itatha. Anaibweza yonse m'kachitini kake asanatsegule kamera.

"Zatuluka bwino?" anafunsa mchimwene uja.

"Tidziwa mawa, bambo. Panopa ngakhale ine sindikudziwa."

M'mawa mwake mayi anatsuka filimuyo n'kuiyanika. Imeneyi inali ntchito yawo ya masiku onse, koma anali asanaigwirepo mtima uli m'mwamba chotero. Itauma, a Mwetulirani analowa m'chipinda chamdima motsimphina, anakhala pasitulu, anavala magalasi n'kuiyang'ana pa getsi.

"Ichi chagwedezeka. Ichinso. Apa mwadula mutu wa bambo wamtaliyu. Ichi mwajambula denga, kaya mumafuna chiyani kudengako."

"Chala chinaterereka."

"Ichi mwana watsinzina."

Anapitiriza kutsika nayo filimuyo, kenako anaima. Anaibweretsa pafupi ndi maso.

"Ichi ndi ichi. Ndi ichinso. Tsukani tione."

Mayi anazimitsa getsi n'kuyatsa lofiira. Anaunikira pepala, analiviika m'beseni la mankhwala n'kumaligwedeza pang'onopang'ono. Poyamba panatuluka makina akuda aja, kenako suti, kenako nkhope. A telala anali pakati, dzanja pagudumu, kukamwa kuli kotsegula pakati pa nkhani. Kuwala kunali kutawagwira mbali imodzi, diso lili ngwee. Abale onse anali atawazungulira, ena akuseka, ena akutsutsa. Pa chachiwiri panali nkhope ziwiri zokha, namwino akukonza tayi, bambo ake akumuyang'ana pamutu.

"Palibe ndi mmodzi yemwe amene akuyang'ana kamera," anatero a Mwetulirani.

"Ndinaiwala kuwauza."

"Ine ndikanawaimika pamzere, aatali kumbuyo." Anayang'ananso m'besenimo. "Sichikanatuluka chonchi."

Mayi anatsukuluza zithunzizo n'kuzipanika pachingwe.

Namwino anabwera masana. Anatsegula envulopu ataimirira, anayang'ana choyamba, kenako chachiwiri, ndipo anafunafuna mpando n'kukhala.

"Ndi mmene analili ndili mwana," anatero. "Ndimaopa kuti ndipita ndi nkhope ya kuchipatala ija m'mutu." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Munditsukireko china ngati ichi. Ndikawasiyire pafupi ndi bedi."

"Ndatsuka kale ziwiriziwiri," anatero mayi. "Koma akachikana mundibweretsere. Ndinawalonjeza kuti ndiching'amba."

"Sangachikane. Kuyambira dzulo akungofunsa ngati suti inakhala bwino m'mapewa."

Namwino asanatuluke, panalowa mtsikana wina atanyamula khanda lovala zoyera zokhazokha. Anayang'ana chikhakha cha a Mwetulirani, nkhope yake n'kugwa.

"Ndimafuna chithunzi cha mwanayu, bambo ake ali kutali sanamuone. Ndibwerenso liti?"

"Adokotala akuti masabata asanu ndi limodzi," anatero a Mwetulirani. Anakanda chibwano ndi dzanja lamanzere. "Koma mwana sadikira, pofika nthawi imeneyo akhala wina. Khalani pansi. Akujambulani mayiwa."

Mayi anatsitsa chikwama pakabati, anatenga filimu yatsopano m'dilowa n'kuiika, wopanda wowauza chochita. Anayang'ana chinsalu cha mapiri chija, kenako anayang'ana panja.

"Tiyeni pakhonde, mwanawe," anatero. "Kuli kamthunzi kabwino, khandali silitsinzina."

A Mwetulirani anatsitsa mwendo wawo wotupa pakatebulo kuti mayi adutse.