Mapiko Awiri a Mphira

Injini ya bwato inafika pagalaja yathu ku Kabwata Lachitatu m'mawa, itagonekedwa pa matayala akale kumbuyo kwa kalole. Odutsa m'njira anaima n'kumaiyang'anitsitsa. Sindinawadabwe. Kuno ku Lusaka madzi ambiri omwe timawadziwa ndi osefukira m'ngalande nthawi ya dzinja, ndiye injini ya panyanja idzatani?

Anabwera nayo ndi a Nchimunya, mwini bwato lophera kapenta ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba.

"Ipya maningi," anatero. "Ukayenda chabe pang'ono, nsonga ya geji ili pa ledi, pofiila paja. Ba Amock baliko? Ndiye benze kuisamala kudala."

A Amock ndi bambo athu. Anagwira ntchito zaka makumi awiri pa mabwato a ku Kariba asanabwerere kudzatsegula galajayi. Tsopano maso anachita khungu, amangoona zithunzithunzi. Tsiku lonse amakhala pabenchi pansi pa mtengo wa mango, kumvetsera ma minibasi amene mlongo wanga wamng'ono Emmanuel, yemwe timamutcha Manu, amakonza, n'kumaponyapo mawu osafunsidwa.

"Batate bapumula masiku yano," anayankha Manu. "Siyani chabe, injini ni injini."

Chimene a Nchimunya sanadziwe n'chakuti ine ndi Manu tinali titapangana kale. Lamlungu bambo asamukira kwanga ku Chelstone, asiye kubwera kugalaja. Manu ankati adzapunthwa pa jeke tsiku lina. Ine ndinavomera, ndipo sindibisa, ndinavomera msanga. Ntchito yanga ndi yothamangira masipeya m'tauni, ndipo ndinali nditatopa ndi kuweruza milandu ya anthu awiriwa ndikabwerako. Bambo titawauza anangofunsa kuti, "Ku Chelstone nizambomvela chani?" Ndinati kuli wailesi ndi TV.

Manu ndi makanika weniweni, ngakhale mutu wake ndi wouma ngati wa mwini wake uja wa pabenchi. Anaitsitsa injiniyo, naikhazika pa matabwa. Anakhetsa madzi omwe anali atadikha pansi pa fyuluta ya dizilo, anasintha oilo, anamanga lamba yemwe anali wolobodoka, anapala dzimbiri pa mawaya a batire. Lachinayi masana inali itawala.

"Ba sisi Perpetua, bwelani muone," anandiitana. "Aba bantu baibweletsa ilibe na ladiyeta. Manje siizapya bwanji?"

"Ungailize ilibe ladiyeta?"

"Timaminitsi tubili chabe. Nimvele saundi."

Anaika dizilo m'kachigubu, nalumikiza batire. Injini inatsokomola kamodzi n'kuyamba kulira bwinobwino, mawu okhathamira ogwedeza pansi. Manu anandiyang'ana monyada. Ngakhale ine ndinamwetulira.

"Zimya!"

Sindinamvepo bambo akukuwa chotero chimwalirire amayi. Anali ataimirira, ndodo ili pansi, akubwera manja ali kutsogolo pakati pa zitsulo zonse zija.

"Zimya iwe! Ilibe manzi!"

Manu anazimitsa. M'pamene tonse tinamva fungo la mphira wopserera.

Bambo sanakalipenso. Anagwada pambali pa injiniyo n'kuyamba kuipapasa pang'onopang'ono, monga mayi apapasira mwana wodwala malungo. Dzanja linaima pa kachivundikiro kamkuwa kutsogolo kwake.

"Masula apa. Tumasikuluu tuli sikisi."

M'kati munali kanthu kamphira konga duwa, kakuda, kofuka utsi. Bambo anati dzina lake ndi impela. Anafotokoza modekha, ngati akuuza mlendo njira. Injini ya bwato siifuna ladiyeta chifukwa imamwa nyanja. Kamphirako kamazungulira n'kukoka madzi pansi pa bwato, madziwo amadutsa m'timapaipi n'kuziziritsa injini, kenaka amatulukira ku ekizozi. Madzi omwewo ndiwo amafewetsa kamphirako. Kakazungulira pouma, mphindi imodzi yokha kamapsa.

Manu anangoti zyoli, sipanala ili m'manja. Ndinamumvera chisoni, komanso pang'ono ndinakondwa, Mulungu andikhululukire.

"Nipase kuno," anatero bambo.

Anakazunguza m'zala zawo, akuwerenga mapiko ake. Anayi analipo, opindika ndi moto. Awiri panalibe.

"Aya yanayi ndiwe waocha lelo. Koma aya yabili yanaduka kudala, pamene yanadukila pasalala. Ndiye matenda yamene ba Nchimunya babweletsela. Yali mukati, yavala njila ya manzi."

Anamuuza Manu kuti atsegule chitini chachitali cha pambali, momwe muli timapaipi tambirimbiri tonga mapesi. Pakhomo pake penipeni panali phiko limodzi, litakanirira pamodzi ndi ndere zouma ndi tizigoba ta nkhono. Manu analitulutsa ndi pulayala, natsuka timapaipi tonse ndi waya.

"Yapezeka, batate. Nivale?"

"Yangati?"

"Imozi. Inangu mwina inachokela ku ekizozi."

"Mwina," anatero bambo. "Pa Kariba ukakamba mwina, uzagona pakati pa manzi na bantu bako, mphepo ikukankhila ku Zimbabwe. Sakila."

Manu anafunafuna mpaka dzuwa linapendeka, osalipeza. Lachisanu ine ndinapita ku Kamwala ndi kamphira kopsa kaja m'chikwama. Ndinalowa mashopu asanu ndi awiri. Ena ankati ndi ka makina ochapira, wina anafuna kundigulitsa ka pampu ya pachitsime, ati n'chimodzimodzi. Katsopano ndinakapeza kwa mayi wina wogulitsa zida za mapampu kuseri kwa mashopu a nsalu, ndipo ndinayerekeza kawiri ndisanatuluke.

Pobwerera ndinapeza bambo atakhala pansi pa simenti, mapaipi onse amphira ali pamiyendo pawo. Ankatenga imodziimodzi, kuifinya kuyambira uku mpaka uko, kenaka kuuziramo. Manu anali atakhala pambali pawo, akuwapatsira. Pa paipi yopindika ngati chigongono zala za bambo zinaima. Anafinyanso pomwepo.

"Waya."

Phiko lachiwiri linagwera m'dzanja lawo, kanthu kochepa ngati chikhadabo. Analiika m'thumba la shati pamodzi ndi linzake.

Loweruka a Nchimunya anafika m'mamawa. Bambo analamula kuti tidzaze mgolo ndi madzi, paipi yokokera ilowe m'menemo, ndipo pompi isatsekedwe. Impela yatsopano anaipaka sopo wotsukira mbale asanailowetse, kuti isayambe pouma. Manu anagwira kiyi, koma sanaipotoze. Anayang'ana kaye kwa bambo.

"Niyambe?"

"Yamba. Perpetua, yangana ku ekizozi, uniuze."

Injini inalira. Ku ekizozi kunatuluka utsi wokha. Ndinawerenga mumtima mpaka pa teni. Kenaka inalavula madzi, phwa, phwa, phwa, mpaka kunyowetsa nsapato za a Nchimunya.

"Yachoka, batate!"

"Namvela kudala," anatero.

Inalira theka la ola, nsonga ya geji osasuntha pakati. Madzi anayenderera pabwalo ponse mpaka kumsewu, ndipo a Nchimunya anaseka kuti tsopano Kabwata nayo ili ndi nyanja yake. Bambo anatulutsa timapiko tiwiri tija n'kuwapatsa.

"Muzionesa banyamata banu. Chaka chilichonse chinjani impela, olo ioneke bwino. Ikaduka, belengani."

Kalole katachoka, bambo anabwerera pabenchi pawo. Anayamba kupukuta manja ndi kansanza.

"Mailo mubwela nthawi bwanji kunitenga?" anafunsa. "Vovala nalonga kudala."

Manyazi anandigwira. Manu anali atawerama pa minibasi ina yomwe inali ikudikira chiyambire Lachitatu, ndipo anayankha mutu uli m'boneti momwemo.

"Iyi basi ili na kasaundi kamene nakangiwa kupeza. Mande muzaimvelako."

"Mande nizankala ku Chelstone."

Manu anaweramuka. Anapita pamtengo wa mango, nawagwira bambo pamkono kuti aimirire, nanyamula benchi ija. Anakaiika m'kati mwa shedi, pafupi ndi bokosi la masipanala, pamene iye amagwirira ntchito.

"Apa jeke siifikapo," anatero. "Nkalani, batate."