Zimene Amayi Anamaliza

"Usaina ndiwe," anatero achimwene ake a Mzime, akupukutabe girisi wa kugalaja m'zikhadabo. "Dzina lili pamgolopo ndi lako. Ungowauza kuti katunduyo sitikumufuna, basi, tizipita."

Mzime anagwedeza mutu. Anali atakhala pabenchi lachitsulo m'nyumba yosungiramo katundu ya a kasitomu, chikwama pamiyendo, maso ali pa mzere wa nyerere umene unkatsika pakhoma. Masiku amenewo ankagwedeza mutu pa chilichonse. Ukamufunsa ngati wadya, mutu. Ukamuuza kuti bulauzi wavala chotembenuza, mutu womwewo.

Amayi awo anamwalira kunja, kumene ankasambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni kuyambira Mzime ali kupulayimale. Anagwa m'mawa wina akukonzekera kupita kuntchito, osadzukanso. Ndalama zobweretsera thupi panalibe, choncho anaikidwa komweko, ndipo ana awo awiriwa anaonera maliro pafoni atayitsamiritsa pa chitini cha shuga. Netiweki inkangodukaduka. Bokosi litayamba kutsika chithunzi chinauma, ndipo pamene chinkabwerera anthu anali akubalalika kale. Mzime sanalire. Anatsuka makapu a alendo, n'kuwapukuta, kenako n'kuwatsukanso.

Chimene chinabwera m'malo mwa thupi chinali mgolo wabuluu. Anaulongedza ndi Anti, mnzawo wa amayi amene ankachita nawo lendi chipinda chimodzi kunjako.

Migolo yotereyi sinali yachilendo pabanjapo. Inkabwera chaka ndi chaka, ndipo inkabwera ndi zinthu zofanana: mapoto akuda kunsi, mataulo osuluka, majekete opekesuka m'khosi, nsapato zoyendedwa kale. Anthu oyandikana nawo ankabwera kudzaona katundu wakunja, n'kubwerera akutsinana. Nsapato za Mzime ndiye zinali ndi mbiri yakeyake. Peyala iliyonse imene inabwera, ya kumanzere inkakhala yotukumuka pambali pa chala chachikulu, moti ankachita kuikamo thonje kuti phazi lisamasewere. Achimwene ake ankati anthu a kunjako onse anabadwa kwa mayi mmodzi, n'chifukwa chake mapazi awo anapindikira mbali imodzi. Nthabwala imeneyi inaseketsa zaka zambiri, koma Mzime atayamba uphunzitsi inasiya kumuseketsa. Aphunzitsi anzake ankamufunsa kuti kodi amayi ake ali kunja kwenikweni kapena ali kumsika wa kaunjika. Pafoni yomaliza imene anacheza bwinobwino, iye anawauza amayi ake mosapita m'mbali kuti ngati alibe zatsopano, angosiya kutumiza. Amayiwo anangoseka, n'kufunsa ngati mvula yayamba.

Kale msonkho unkakhala wapang'ono, poti katundu wakale sadula. Ulendo uno a kasitomu anatchula ndalama yoti munthu ayambe wapeza pokhala asanaimve. Inaposa malipiro a Mzime a miyezi itatu, ndipo tsiku lililonse limene mgolowo unkagona m'nyumbamo linkawonjezerapo yake. Akalephera kulipira, katunduyo amayenera kukagulitsidwa pa okushoni.

Anawaitana ndi mayi wina wojintcha, wa magalasi olendewera pachingwe, amene ankayenda ngati munthu woti anasiya kale kuthamangira chilichonse. Achimwene sanadikire n'komwe kuti afike patebulo.

"Mayi, tisatayitsane nthawi. Katunduyu ife timamudziwa. Ndi kaunjika. Msonkho mwatchulawo ndi wa galimoto, osati wa zovala zotha."

"Pepani ndi zovutazi," anatero mayi wa kasitomuyo, poti nkhani ya maliro anali ataimva. "Koma munthu sakana chinthu asanachione. Ndi lamulo, komanso ndi nzeru chabe. Gwirani chivundikirocho."

Fungo limene linatuluka mumgolomo linali la sopo wachilendo uja wa chaka chilichonse. Mzime analimva, n'kudikira kuti mwina mumtima muchitika kanthu. Simunachitike kanthu.

Mayiyo anayamba kutulutsa zinthu chimodzichimodzi, akuziunjika milu iwiri patebulo lalitali. Kudzanja lamanzere kunkapita zimene anazizolowera zija: mataulo osuluka, malaya otha kolala, ketulo yokandika pambali. Kudzanja lamanja kunkapita zinthu zimene sizinatulukepo mumgolo wa amayi chiyambire. Panali mataulo onenepa ali m'mapulasitiki, masokosi omangidwa ndi kapepala, diresi lolendewera mtengo wake pakhosi, nsapato zachimuna zili m'katoni mwake ndi mapepala ofewa aja.

Achimwene anasiya kupukuta zikhadabo.

"Msonkho wanu ndi umenewu," anatero mayiyo, akugogoda mulu wakumanja ndi cholembera. Kenako anatenga mapoto awiri, wina kumanzere wina kumanja, n'kuwaika pamodzi. "Taonani awa. Ndi amapasa. Chogwirira chimodzimodzi, sitolo imodzi. Uyu akuwala, uyu wada kunsi. Koma tayang'anani m'katimu, achemwali. Simunalowepo ngakhale supuni."

Mzime anayang'ana. M'kati mwa poto wakudayo anaona nkhope yake, yotambalala ngati ya pasupuni.

"Ndiye kuti Anti anawononga ndalama za maliro n'kumagula zimenezi," anatero achimwene, foni ili kale m'manja. Anaimba, n'kuika pa laudi kuti mlongo wawo adzimvere yekha. Analonjera mwachidule, moni wa munthu wobwera ndi mlandu.

"Ana inu, ine sindinagule kanthu," anayankha Anti, mawu akumveka patali. "Ndinangokoka zonse zinali pansi pa bedi lawo n'kukhuthulira mumgolo. Mutu sunkagwira masiku amenewo. Ndinaiwala kuti anali asanamalize."

"Asanamalize chiyani?"

"Kukalambitsa." Anti anaseka pang'ono, koma kusekako kunathera kwina. "Inu simukudziwa? Mayi anu chibwerereni kuno sanakugulirenipo kaunjika. Ankati ana anga savala thukuta la eni, akavala thukuta likhale langa. Koma ulendo woyamba uja atatumiza zatsopano, msonkho unaposa mtengo wa katundu, mgolo wonse n'kupita pa okushoni. Inu munali ana, sanakuuzeni. Kuyambira pamenepo chilichonse ankayamba achikalambitsa. Poto amamuika pasitovu wopanda kanthu mpaka ade. Thaulo amalichapa kambirimbiri, n'kuliyanika pawindo. Jekete lanu, achimwene, ankagona nalo, kolala n'kumaikhutiza pakhoma. Chipinda chathu chino chinali ngati fakitale ya zinthu zakutha."

Achimwene anakweza dzanja n'kugwira kolala ya jekete limene anavala. Analigwira choncho osalisiya.

"Nsapato ndiye zinkawazunza," Anti anapitiriza. "Makamaka za Mzime, poti kaphazi kake n'kakang'ono. Phazi la mayi anu mukulikumbuka, ndi fupa lija lotuluka pambali kumanzere. Amalipanikiza momwemo, n'kupita nazo kuntchito sabata yathunthu akutsimphina. Pobwera amaviika mapazi m'beseni la madzi amchere, akutukwana nsapatozo ngati zikumva. Ine ndimati, mayi, ingozikhutizani pasimenti. Iwo amati ayi, a kasitomu si ana, amadziwa nsapato yoyenda ndi yokhutiza."

"Zoona zimenezo," anatero mayi wa kasitomu chapansipansi, akuyang'ana kudenga.

"Nanga bwanji osatiuza?" Achimwene anafunsa ndi mawu oti si awo.

"Ankati inu mukadziwa kuti n'zatsopano mugulitsa. Mzime naye sadziwa kunama. Akangomufunsa pakauntala, nkhope imuyalutsa."

Foni inaduka yokha, monga mwa chizolowezi chake. Kuseri kwa milu ya makatoni ngolo yonyamulira katundu inkalira ikubwerera chambuyo. Mayi wa kasitomu anavala magalasi ake, n'kuwavulanso.

"Ine makutu anga amavuta nthawi ya masana ngati ino," anatero. "Ndimaweruza zimene maso aona. Mulu uwu ndi katundu wogwiritsidwa kale ntchito, msonkho wake ndi uja mumalipira nthawi zonse. Mulu uwu ndi watsopano. Mukhoza kutenga zonse, kusiya zonse, kapena kutenga mulu umodzi. Kambiranani, ndikamwe madzi."

Mzime anayang'ana mulu wakumanzere. Anali akufunafuna m'mutu mwake phazi la amayi ake. Zaka zonsezi ankawaona pafoni, kuyambira m'khosi kupita m'mwamba: duku, magalasi, imvi zikuwonjezereka. Mapazi sankalowa m'chithunzi. Anachita kubwerera kutali, ali kamwana kokhala pansi kukhitchini, kuti alipeze phazi lija litaponda pasimenti, lalikulu, ndi fupa lotuluka pambali limene iye ankalidina ndi chala amayi n'kumukalipira. Ndiye peyala iliyonse inkabwera yotukumuka pamalo omwewo, ndipo iye, mphunzitsi wathunthu wophunzitsa ana a eni kuona zinthu zofanana, sanaganizepo.

Pansi pa mulu wakumanzere panali nsapato zakuda zachikazi, zafulati, zoyenera munthu woima tsiku lonse pabolodi. Anazikoka. Kunsi kwake kunali kutadyeka bwino, kamwala kakang'ono katakanirira mumzere wa labala. Ya kumanzere inali yotukumuka.

"Tamvera," anatero achimwene, atatsitsa mawu. Anali atabwerera mwakale, maso ali pamulu wakumanja. "Zatsopanozi zili ndi msika. Tikakongola kwa abwana anga, n'kutulutsa zimenezi, tikhoza kugulitsa n'kubweza, mwinanso kutsala kena kotsekera ngongole za malirozi. Zakuthazi tisiye. Ndani angagule poto wakuda?"

"Abwana anu munawakongola kale," anatero Mzime.

"Ndiwakongolanso."

"Ndipo tikagulitsa, nsapato zanuzo avala ndani?"

"Iwe, usayambe. Ine ndikuganiza za mawa. Uli ndi malipiro a pamwezi iwe, ine ndimadya galimoto ikawonongeka." Anapuma. "Amayi anagula zimenezi ndi msana wawo. Ukufuna zikagwere anthu a pa okushoni, ife n'kunyamula zinyalala?"

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo Mzime anadziwa kuti n'zoona. Zinamuwawa kuganiza kuti diresi lija lidzavalidwa ndi munthu wosawadziwa amayi ake. Koma anadziwanso kuti abwana a kugalaja sakongoza kawiri, ndipo achimwene ake ankadziwa zimenezo kuposa iye. Ankangolankhula kuti asakhale chete.

"Ndalama ndili nazo ndi za mulu umodzi, achimwene," anatero. "Uwu."

"Tisiye zatsopano, titenge zakutha?"

"Izi n'zimene anamaliza."

Achimwene anatembenukira kumulu wakumanja. Anayang'ana katoni ya nsapato zachimuna zija nthawi yaitali. Anatulutsa imodzi, n'kuitembenuza kunsi kumene kunali kosalala ngati mbale, n'kuibwezera bwinobwino m'mapepala ake ofewa. Kenako anatenga poto wakuda uja n'kuyamba kulongedza mulu wakumanzere mumgolo.

Mayi wa kasitomu atabwerako, Mzime anasaina pamene anamulozera. Mayiyo anadinda, n'kumupatsa kapepala kotulukira pageti.

"Nsapato zoyenda ndaona zambiri pantchito pano," anatero mayiyo, osamuyang'ana. "Izo anaziyendera ndithu."

Panja dzuwa linali litakwera. Achimwene anapita kumsewu kukasaka galimoto yonyamula mgolo, umene tsopano unali theka, wopepuka moti munthu mmodzi akanaugubuduza. Mzime anatsala nawo pageti. Anakhala pachivundikiro, n'kuvula nsapato zake zakale, n'kuvala zakuda zija.

Ya kumanja inamukwana bwinobwino. Ya kumanzere inasiya mpata pambali pa chala chachikulu, monga mwa nthawi zonse. Dzanja lake linalowa lokha m'chikwama, m'kathumba kam'mbali mmene ankasungamo thonje, n'kutulutsa kachidutswa. Analiyang'ana thonjelo, n'kulibwezera.

Anawerama n'kudina potukumukapo ndi chala. Chikopa chinalowa m'kati, n'kubwerera chokha pamalo pake. Anadinanso. Pamenepo m'pamene china chake chinayamba kuyenda m'chifuwa mwake, ngati mwendo umene unachita dzanzi ukayamba kumva, ndipo zinawawa kwambiri.

"Mzime! Tiye, yapezeka!" achimwene anakuwa kuchokera kumsewu.

Anaimirira. Phazi linasewera pang'ono m'malo a fupa la amayi ake, ndipo anayenda nalo choncho.