Nambala Yakuda ya Hudson

Mlongo wanga Hudson ndi munthu amene akagula nsapato zatsopano amayenda akuyang'ana pansi kuti nanunso muyang'ane komweko. Anabadwa choncho. Ine ndine Dora, wamkulu kwa iye, ndipo ndinam'bereka kumsana, ndiye musaganize kuti ndikuyankhula ndi nsanje. Ndikuyankhula chifukwa munthuyo amandinyansa.

Ntchito yake ndi yoombola magalimoto a anthu pa boda ya Songwe, aja amabwera kuchokera ku Dar es Salaam. Malamulo a nambala za galimoto amawadziwa ngati dzina lake. Amakhala ku Boma la Karonga m'nyumba ya mpanda ndi mkazi wake Angel, pomwe ine ndili ku Kaporo, kulima mpunga ndi kusamalira bambo athu a Manase, amene ife timangoti Tata.

Tata anali dalaivala. Ali mnyamata, dziko lisanalandire ufulu, ankayendetsa mzungu wina wa ku Boma pa galimoto yakuda, yaitali, ya mphuno yonyezimira. Ankamutsegulira chitseko chakumbuyo chipewa chili m'manja. Lamulungu ankamusiya pakhomo pa tchalitchi, iwo n'kutsala panja kupukuta fumbi, nyimbo akuzimvera pawindo. Nkhani zimenezi tinakula nazo, ndipo ankazisimba akuseka. Ankati masiku amenewo galimoto unkaidziwa ndi nambala: ukaona yakuda ya zilembo zoyera, vula chipewa, akudutsa bwana. Koma panali chinthu chimodzi chimene akachitchula kuseka kunkatha. Mpando wakumbuyo uja anaupukuta zaka zambiri, koma sanaukhalepo ngakhale kamodzi.

Ndiye ankalakalaka kuti asanamwalire adzakhale kumbuyo kwa galimoto ngati yomweyo, mwana wawo akuyendetsa, nambala ili yakwathu, akatsike pakhomo pa tchalitchi chija ngati munthu. Magalimoto a masiku ano ankati ndi zitini, ndipo zokhala kumbuyo kwa chitini analibe nazo ntchito.

Pa Khirisimasi ina, abale atadzaza pakhomo, Hudson anaimirira, nakonza kukhosi ngati phungu, n'kulengeza kuti waitanitsa galimoto yoteroyo kuchokera ku Mangalande, yakale yeniyeni, chifukwa cha Tata. Anayankhula m'Chichewa chothira Chingerezi, poti Chinkhonde chimamulemera pakamwa pakakhala anthu. Anthu anaomba m'manja, azimayi analulutira. Tata analira. Inenso, kupusa kwanga, ndinapukuta misozi.

Galimotoyo inafikadi. Inadutsa pa Kaporo pomwepa ili pamwamba pa lole, yofunditsidwa lona ngati mkwatibwi woopa dzuwa, ndipo sinaime. Tata anamva kwa anthu a pamsewu kuti yadutsa.

Ndinapita ku Boma kukaiona. Kunena zoona, inali yokongola. Mipando yachikopa, matabwa osalala kutsogolo, fungo la zinthu zakale zosamalidwa bwino. Koma Hudson sanandionetse mipando. Anandikokera kutsogolo, nagwada, n'kuloza nambala. Inali yakuda bii, zilembo zake zasiliva, zotukuka, zoti ukhoza kuziwerenga ndi chala. Anayamba kundiphunzitsa, ine wa ku mpunga, kuti kwa azungu lamulo limalola magalimoto akale kwambiri kuyenda ndi nambala yotere, kuti odziwa zinthu akaiona amadziwa kuti mwini wake si munthu wamba, ndipo kuti kuichotsa n'chimodzimodzi kum'dula munthu mphuno.

Ndinamufunsa ngati pano tili kwa azungu. Iye mwini amauza makasitomala ake tsiku ndi tsiku kuti galimoto ikalowa m'dziko muno iyenera kulembetsedwa, ivale nambala ya kuno, yonyezimira kuti izioneka usiku. Ndinati akalembetse, aike KA yake, akawatenge Tata.

Anandiyang'ana ngati ndamulavulira.

"Achemwali, KA? Galimoto iyi ivale KA? Ndiye anthu azidzati chiyani? Kagalimoto ka Hudson?"

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Sanaseke. Munthu wamkulu, wa ndevu, wa ana, anali ataona kuti zilembo ziwiri zoimira Karonga ndi zomwezo zimene timachepetsera nazo zinthu: kamwana, kanyumba, kagalimoto. Anati anzake a ku Lilongwe amawaseka kale kuti a ku Karonga chilichonse chawo chimayamba ndi ka. Ndinati ngati KA ikumuyabwa akalembetse kwina. Apo anagwira pena. Akuti ngakhale zilembo zitasintha, mtundu wa nambala za kuno ndi wonyansa, ungaipitse galimoto ngati chigamba pa suti. Akuti akukambirana ndi akuluakulu kuti am'patse chilolezo chapadera. Ndinadziwa pomwepo kuti galimoto ija sanagulire Tata.

Anayesa kamodzi kubwera nayo ku Kaporo. Apolisi a pamsewu anamuimitsa pa rodibuloko, nayang'ana nambala, n'kumuuza mwaulemu kuti abwerere akalembetse kaye, apo ayi adzaigwira. Anabwerera. Madzulo ake anandiimbira foni kudandaula kuti dziko lino ladzaza ndi anthu osaphunzira, osadziwa mtengo wa zinthu zakale. Za Tata, amene tsiku limenelo anakhala pakhonde kuyambira m'mawa, sanafunse.

Kuyambira pamenepo galimoto ija inkangoyenda m'tinjira ta kuseri kwa Boma, kumene kulibe apolisi, Hudson ali pa chiwongolero, chigongono pawindo, akuliza hutala kwa anthu amene sanam'tsekereze njira. Loweruka ankaitulutsa panja pa mpanda n'kumaitsuka yekha kuti odutsa aone. Nambala ija ankaipukuta ndi kansalu kakekake.

Ku Kaporo, Lamulungu lililonse Tata ankavala jekete yawo ndi chipewa, n'kukhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Ndinkawauza kuti lero sabwera, iwo ankangoti mwina. Mpunga tinadzala, madzi anasefukira, tinakolola, jekete ija ikuvalidwabe. Ndipo mutu wawo unayamba kuchoka pang'onopang'ono. Tsiku lina ananditchula dzina la malemu amayi. Tsiku lina anandifunsa ngati ndathira madzi mu injini. Mantha anandigwira, chifukwa ndinaona kuti tsiku limene akulidikira likhoza kufika iwo atapita kale, ngakhale thupi lili pompo.

Ndinamuimbira Hudson n'kumuuza zonsezi. Anati ndisadandaule, nkhani ya chilolezo ili pabwino. Ndinamuuza kuti chilolezo chakecho achidye yekha, Lamulungu likubwerali ndibwera nawo Tata pa minibasi mpaka kunyumba kwake, ndipo iye adzawatengere kutchalitchi kudzera m'tinjira take tija. Si zimene Tata ankafuna, koma bola mpandowo aukhale akadali kudziwa kuti ndi iwo. Anavomera msanga, ndipo ndinamva akuuza Angel kuti atchaje foni.

Tinafika m'mawa dzuwa litayamba kale kuwotcha. Mu minibasi monse Tata anali bwinobwino. Anandisimbira m'Chinkhonde za misewu yakale, nanditchula dzina langa lenileni. Mtima wanga unakhala pansi.

Geti linatsegulidwa. Galimoto inali pakati pa bwalo, yowala ngati yadzozedwa mafuta. Hudson anaima pambali pake atavala suti yoyera, Angel ali chapatali foni m'mwamba. Tata anasiya dzanja langa. Anayenda okha mpaka kutsogolo kwa galimoto, naima, nayang'ana pansi pomwe panali nambala. Anayang'ana nthawi yaitali.

Kenako anavula chipewa.

Ndinawaitana, sanandimve. Anawerama ndi msana wawo wovutawo n'kupukuta nambala ija ndi mkono wa jekete, chilembo chimodzichimodzi. Anazungulira galimoto akuyang'ana matayala. Atafika pa chitseko chakumbuyo anachitsegula bwinobwino, osachita phokoso, n'kuima pambali, chipewa pachifuwa, maso pansi. Anayankhula kwa Hudson m'Chichewa, chinenero chimene sanayankhulepo kwa mwana wawo aliyense chibadwire chathu.

"Yakonzeka, bwana."

Ndinathamanga n'kuwagwira phewa. Ndinawauza m'chinenero chathu kuti uyu ndi Hudson, mwana wawo, ndipo mpandowo ndi wawo, alowe akhale. Anandichotsa dzanja mwamantha, n'kundinong'oneza kuti ndisawachotsetse ntchito, kodi nambala sindikuiona.

Ndinatembenukira kwa Hudson. Sindinam'pemphe zambiri. Sikuludiraiva inali m'galaja momwemo, zomangira nambala zinali ziwiri zokha. Ndinati aichotse, ngakhale kwa kanthawi, mwina Tata abwerera. Kapena awagwire dzanja, awatchule Tata, awayankhule Chinkhonde.

Hudson anayang'ana nambala, nayang'ana Tata, nayang'ana foni ya Angel. Ndinaona nkhope yake ikusintha, ndipo ndinaganiza kuti ndi manyazi. Ayi ndithu. Chinali chimwemwe. Anakonza kolala ya suti, nawerama, n'kulowa kumbuyo kuja, n'kukhala. Anapingasa miyendo.

"Angel, jambula apa. Zili ngati kale lenileni."

Tata anatseka chitseko mofatsa, n'kupita kukatsegula cha dalaivala. Pamenepo ndiye Hudson anadzidzimuka, natulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti ndiwagwire asakhudze chiwongolero, angam'gwetsere galimoto m'ngalande. Tata anabwerera m'mbuyo msanga, akupepesa.

Sindinatukwane, ngakhale mawu anali atadzaza m'kamwa. Ndinawaveka Tata chipewa chawo, ndinawagwira dzanja, tinatuluka. Angel anatitsatira mpaka pa geti kufunsa ngati sitimwa tiyi. Kutchalitchi sitinapite.

Pa depoti tinapeza minibasi yakutha, chitseko chomanga ndi chingwe, nambala yake KA yofiira ya magalimoto onyamula anthu, yopindika pakona. Kondakitala anatikankhira kumpando wakumbuyo kwenikweni, pakati pa thumba la usipa ndi mayi wina wa nkhuku. Tinadutsa pa rodibuloko paja, wapolisi anangoyang'ana nambala n'kutikwezera dzanja kuti tizipita.

Minda ya mpunga inayamba kuoneka. Kenako Tata anandigwira bondo, nayankhula m'Chinkhonde, mawu ali ofewa. Anati bwana watsopanoyu ndi wabwino, wakalipa kamodzi kokha. Ndinangoti inde.

Tinayenda pang'ono, iwo akuyang'ana pawindo. Atatembenuka anandifunsa kuti:

"Dora, nanga Hudson abwera liti ndi galimoto ija?"