Nkhono za padooko la Ajira

Ntchito yotola nkhono ndinaiyamba ndikuiseka. Mayi wamkulu ngati ine, Subira, kumapondaponda m'madzi nditavala jombo zofika m'ntchafu, sefa ili m'manja! Koma Fyness, mtsikana wa zaumoyo amene anabwera kwathu kwa Mponda ndi kafukufuku wa likodzo, analibe nthawi ya nthabwala.

"Gwirani chigoba, nsonga iloze kumwamba, khomo liyang'ane inu," anatero tsiku loyamba. "Khomo likakhala kumanja, ponyani mu ndowa iyi. Likakhala kumanzere, onani ngati lili ndi chitseko. Zikuluzikulu zija zimadzitsekera, zilibe mlandu. Koma kakang'ono, khomo kumanzere, kopanda chitseko, musakagwire ndi dzanja, ndiko ka likodzo."

Kanthu kake kopanda ndi fupa lomwe, phazi limodzi, tinyanga tiwiri. Padooko lalikulu, pamchenga ndi mafunde, tinatipeza titatu basi sabata yonse.

Lachisanu m'mawa ndinali ndi zanga m'mutu. Tsiku limenelo, ikatha swala ya Juma kumzikiti, mlongo wanga Uladi ankati apereke talaka yachitatu, mawu othetsa banja, kwa mkazi wake Ajira pamaso pa ashehe. Ziwiri zoyambazo anabwererana. Yachitatu sabwererana.

Sindibisa, moto umenewo ndinasonkhezera ndine. Zaka zinayi pabanja, mwana ayi. Ajira ankangodandaula m'chinena, magazi osadziwa tsiku, ndipo jakisoni wa matenda opatsirana pogonana analandira kawiri osachira. Ndinamuuza Uladi poyera kuti matenda otere mkazi sawatola kumunda. Ajira analumbira mpaka mawu kusasa, ine ndinkangoti misozi ya wakuba.

"Kulibe dooko lina kuno?" anafunsa Fyness.

Linalipo. Uladi ndi wansanje moti ngakhale tambala akamuyang'ana mkazi wake amafuna kumuzinga. Atangokwatira, anatema bango kuseri kwa nyumba yake n'kupanga kadooko kobisika, kuti asodzi asamamuone Ajira akusamba. Palibe wina ankapondapo. Inenso ndinamuyamikira kuti wachita zaulemu.

Madzi ake anali ofunda, osagwedezeka, odzaza masamba owola. Ndinaviika sefa kamodzi, ndipo inatuluka ikulira ngati muli timiyala. Ndinayamba kusankha ndi kopanira. Kumanzere, chitseko palibe. Kena, kumanzere, chitseko palibe. Nditafika makumi atatu ndinasiya kuwerenga. Pabango panali patapachikidwa chitenje cha Ajira, chouma gwa.

Fyness anaika nkhono iliyonse m'kakapu kake ka madzi oyera n'kuzindandalika padzuwa. Anati tidikire, tizilombo ta likodzo timatuluka dzuwa likafika pamutu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Amuna anayamba kudutsa atavala mikanjo yoyera, kulowera kumzikiti. Uladi anadutsanso, n'kundikwezera dzanja.

Adhana yoitanira anthu kuswala italira, Fyness anandipatsa galasi lokulitsa zinthu. M'kapumo madzi ankaoneka oti n'kumwa. Koma pagalasipo munali piringupiringu, tinthu tambirimbiri toyera, michira yogawika pawiri, tikugwedezeka osapuma. Kapu yachiwiri chimodzimodzi. Yachisanu, yachisanu ndi chimodzi.

"Timaboola khungu, munthu osamva kanthu," anatero. "Amasamba ndani pamenepa?"

"Alamu anga."

"Okha? Kwa nthawi yayitali bwanji?"

"Zaka zinayi. Kawiri patsiku, osawerengera kuchapa."

Anandiyang'ana, n'kutsitsa mawu. "Amayi, anthu amangodziwa za anyamata okodza magazi. Kwa ife akazi mazira ake amakakhala m'njira ya chiberekero. Zilonda, magazi, kuwawa, ena mpaka osaima. Ambiri amabayidwa jakisoni wa matenda ena, n'kumanenedwa kuti ndi oyendayenda. Abwere nawo tikawayeze, mankhwala alipo. Alibe vuto lililonse?"

Ndinadzambatuka. Ndinatola kakapu kamodzi, n'kukavindikira, n'kuyamba kuthamanga ndi jombo zomwezo. Kabaza sanaoneke ndi mmodzi yemwe, onse anali kuswala. Jombo zinkandikoka, mchenga ukutentha, ine ndikupempha Mulungu kuti ashehe atalikitse ulaliki monga amachitira masiku onse.

Tsiku limenelo sanatalikitse. Ndinapeza nsapato zatsala zowerengeka pakhomo pa mzikiti. Pansi pa mtengo wa nimu panaima ashehe ndi amuna awiri a mboni, ndipo chapatali Ajira ankamanga kathumba kake pakabaza, mchimwene wake atamugwirira njinga. Ajira anandiona. Sanatukwane, anangoweramitsa mutu mwaulemu ngati kale.

Uladi anabwera akumwetulira, thukuta lili pamphumi.

"Achemwali, zatheka. Ndachita monga munanenera." Kenaka anaona kapu ija m'manja mwanga. "Mwachita bwino, ndili ndi ludzu. Madziwo ndi akumwa?"