Buku Lodulidwa Panayi

Mayi Catherine Makwinja anaimenyera nkhaniyi zaka ziwiri. Ankaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina ya atsikana cha ku Malosa, ndipo makiyi a laibulale ankasunga ndi iwo. Chomwe ankafuna n'chakuti ana azitenga mabuku a nkhani zazitali popita ku holide. Ahedi anakana, anakananso, kenako anavomera ndi pakamwa pokha.

"Likangobwera limodzi long'ambika, Mayi Makwinja, zatha. Musadzandivutitsenso."

Mabukuwo anasankha okha mayiwo. A kumayiko ozizira anawasiya, poti atsikana ankati atopa ndi anthu ongokhalira kuvala majasi. Anatola a kumayiko otentha, momwe anthu ake amatuluka thukuta, amakangana pachitsime ndi kudikira mvula ngati ife tomwe. Lalikulu kuposa onse, lonenepa ngati njerwa ziwiri, anatenga Zakia wa ku Songani. Anzake atatu ankalifunanso, koma linali limodzi basi.

Pakati pa Ogasiti mayiwo anakwera phiri la Zomba kuperekeza mchemwali wawo amene ankafuna zipatso za masitiroberi. Kumtundako kunali mphepo yolowa m'mafupa. Ogulitsa zipatso ankathamangira galimoto iliyonse, kupatula mtsikana mmodzi amene anangokhala pamwala atadzikulunga chitenje, mutu uli pansi. Anali Ella wa Fomu 3. Ogula ankadutsa, iye alibe nazo ntchito.

M'manja mwake munali chidutswa cha buku chopanda chikuto. Mayi Makwinja atayandikira anaona chidindo cha sukulu pamwamba pa tsamba. Mkwiyo unawagwira.

"Iwe Ella, chimenechi n'chiyani?"

Ella anadzidzimuka, n'kugwada pansi.

"Ndi buku lija, Madamu. Analidula Zakia ndi lezala. Panayi."

"Kulidula! Ngati chinangwa?"

"Koma anasoka bwinobwino, taonani. Palibe tsamba lasowa olo limodzi."

Zinali zoona. Chidutswacho chinasokedwa ndi ulusi wakuda, mothina, ndipo kumsana kwake anamatako kansalu. Ella anafotokoza kuti Loweruka lililonse amakumana pa Songani n'kusinthana zidutswazo. Poyamba anali anayi. Tsopano analipo khumi ndi mmodzi, kuphatikizapo achimwene ake a mnzawo Abigail ndi anamwino ena a kwawo kwa Zakia.

"Nanga amene wayambira chidutswa chachitatu amamvapo chiyani?"

"Timauzana, Madamu. Ine ndinayambira pakati. Ndinadziwa kuti mayi wa m'bukumu anathawa kwawo ndisanadziwe chomwe anathawa. Nditapeza chiyambi, ee, ndinalira." Anawayang'ana mayiwo. "Inu munaliwerenga, Madamu. Adzabwerera kwawo? Chomaliza chili ndi Zakia mpaka Loweruka."

Apa mkwiyo unatha, manyazi n'kulowa. Bukulo analipukuta fumbi zaka zitatu, analiyamikira m'kalasi, koma iwo eni anathera pa tsamba 40.

"Ukaona wekha," anatero.

Milungu yotsalayo, kunyumba kwawo ku Likangala, nkhaniyi sinawachoke m'mutu. M'tauni munali bambo wina wodziwa kumata mabuku. Akanalimata n'kulibwezera m'chikuto, ahedi sakanadziwa, poti iwowo buku amaliona kumsana kokha. Njira inalipo, yosavuta. Koma akaiganizira ankamva ngati akukonza zobisa chinthu chabwino chokhacho chomwe chinatuluka m'zaka ziwiri zija. Ankadziwanso kuti akaulula, ana onse alangidwira limodzi, ngakhale amene sanagwire lezala. Zinawapweteka, ndipo sanapeze yankho lowakhazika mtima pansi.

Sukulu itatsegulidwa mabuku onse makumi awiri anabwerera. Mayi Makwinja anawatsegula limodzilimodzi. Ambiri anali oyera ngati mmene anachokera, ena masamba ake akadali omatirirana. Zidutswa zinayi zija zinali zakuda m'mbali, zonunkha utsi, china chili ndi dontho lofiira la chipatso. Anazinyamula choncho n'kukaziika patebulo la ahedi.

Ahedi anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinanena chiyani, mayi?"

"Munanena, bwana. Sindikutsutsa. Ndangofuna mulione, chifukwa mwa onse aja ili lokha ndi limene ndikudziwa kuti lawerengedwa. Anthu khumi ndi mmodzi."

Ahedi sanali munthu woipa. Anatola chidutswa chimodzi, n'kuyamikira kasokedwe kake. Koma mawu awo anali atanenedwa pamaso pa aphunzitsi onse, ndipo bamboyo sankadziwa kubweza mawu.

"Kubwereka kwa pa holide kwatha. Ili lichotseni m'kaundula, si bukunso. Kalitayeni."

Mayi Makwinja anatuluka maso ali ofiira. Zaka ziwiri zija zinapita pachabe. Pakhonde anapeza Zakia akuwadikira, manja kumbuyo, wokonzeka kulandira chilango. Anamuyang'ana, kenako anayang'ana zomwe ananyamula. Sizinalinso za sukulu. Panalibe lamulo lozitsekera m'kabati.

"Tenga," anatero, akumupatsa zitatu. "Choyambachi ndikupatsa Lolemba."

Mu Disembala laibulale inakiyidwa, mabuku onse ali mkati, oyera. Lomwe linapita kumudzi ndi lotayidwa lija lokha.