Khola la Nkhuku ku Silverest

Moto wa anthu osaka mbewa unafika pakhomo pa a Ezron Mwanza, kufupi ndi Palabana, masana a tsiku lamphepo. Iwo ndi akazi awo a Tisauke anali kumaliro. Pobwerera anapeza zipupa zakuda zokhazokha, nkhokwe ili phulusa, njinga itapindika.

Mwana wawo Rosemary anawatengera ku Silverest, dera la nyumba zapamwamba kufupi ndi Lusaka, komwe ankachita lendi zipinda ziwiri ndi mwamuna wake Bornwell, woyendetsa minibasi. A Tisauke ankagona kwa aneba, a Ezron pasofa. M'mawa uliwonse Bornwell ankadutsa kumapazi kwa apongozi ake, nsapato zili m'manja, nkhope italoza kukhoma. A Ezron ankafunda mpaka kumutu ngati ali m'tulo. Kwawo ku Katete munthu sadyera pamodzi ndi mkamwini, nanji kumugonera pakhomo la chipinda atavala buluku la mkamwini yemweyo.

"Atate, nkhalani chabe," anatero Rosemary. "Kulibe amene akuthamangitsani."

"Mwananga, nyumba ni yabwino. Koma ine sinipuma muno."

Anayamba kuyenda m'mapuloti kufunsa malo. Pena ankawayankhira pampata wa geti, pena agalu okha ndiwo ankatuluka. Pomaliza anakumana ndi mayi Sheila, wogwira ntchito m'boma ku Lusaka, amene nyumba yake inali isanathe kumangidwa.

"Batate, chipinda nilibe," anatero Sheila uku akuseweretsa makiyi. "Kuli chabe khola lamene ninali kusungamo nkhuku. Koma munthu wamkulu monga imwe..."

"Lili na malata?"

"Lili nayo."

"Basi, amai. Zikomo."

A Ezron ndi a Tisauke anapala zitosi, napaka laimu, natseka mawaya ndi masaka. Komabe dzuwa likatentha fungo linkabwerera, n'kulowa m'zovala.

Lamulungu kutchalitchi ku Palabana, a Abraham, mkulu wa mpingo, anawafunsa pagulu. "Manje mukhala kuti, a Mwanza?"

"Ku Silverest."

"Eee, moto wakukwezani!" wina anatero, anthu n'kuseka. A Ezron anaseka nawo. Za khola sanatchule.

Koma a Tisauke anali atauza kale azimayi anzawo zoona zake. Lachinayi kunamveka nyimbo pamsewu, azimayi akubwera atasenza mapoto, ufa ndi mabulangete. A Ezron anatola khasu, nazembera kuseri kwa khola. Kumeneko n'komwe a Abraham anawapeza, akulima pouma popanda udzu.

A Abraham anayang'ana masaka aja, kenako pansi. "Loweruka tiyamba kuumba njerwa kwanu. Madzi tizatunga kwa ine."

A Ezron anangogwedeza mutu, osaweramuka.

Mvula inawapeza akadali m'kholamo. Anabwerera kwawo chimanga chitacha, m'kachipinda kamodzi kopanda pulasitala. Sheila anawatumizira malata a khola lija pangolo.