Chitaliyana cha Teleza

Teleza anayamba kuphunzira Chitaliyana imvi zitamera kale, ndipo chimene chinamutuma si kunyada ayi. Ankafuna kulankhula ndi mwamuna wake, munthu amene anakhala naye nyumba imodzi mpaka kukwatitsa mwana.

Mwamunayo anali Mtaliyana, mmisiri womanga. Anafika ku Thyolo tiyi asanaphimbe mapiri, ndipo chumuni cha fakitale ya pa esiteti chinali ntchito ya manja ake. Anthu ankamutcha Kanjerwa. Chinyanja chake chinali chokhotakhota ngati njira ya kudimba, koma chinkafika, moti ankatukwana nacho bwinobwino anyamata akapinditsa khoma. Ndiye tsiku lina m'chaka cha 1934 anangoti khu! kugwa ali pantchito. Atatsitsimuka, dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, ndipo Chinyanja chonse chinali chitathawa m'mutu mwake, ndi Chingerezi chomwe. Chinatsala ndi chilankhulo chimene anayamwira.

Namwino wa ku mishoni anati matendawa amatero ndithu. Anansi anati n'kulodzedwa, poti anansi sasowa chonena.

Manijala wa esiteti sanali munthu woipa, koma anali wa gulu lija loti akakuganizira zabwino sakufunsanso. Anaitana Teleza namuuza kuti mwezi ukatha lole idzamutenga Kanjerwa kupita naye ku Luchenza, akakwere sitima ya ku Beira, kenako chombo cha kwawo.

“Munthu amene sukumumva ungamusamale bwanji?” anatero manijala.

“Eni akewo mwawafunsa, bwana?”

“Gaspare wamufunsa m'chilankhulo chawo. Sayankha.”

Gaspare anali Mtaliyana mnzake, mnyamata wokonza injini za m'fakitale. Teleza sanadabwe kuti mwamuna wake sanayankhe. Kanjerwa anali munthu wamanyazi, ndipo sakanalola kuti mwana wadzulodzuloli amumve akudodoma, dovu likutsika pachibwano.

“Nanga akandiyankha ine?”

Manijala anamuyang'ana momumvera chisoni. “Akanena ndi pakamwa pake kuti akhala, akhala.”

M'mawa mwake belu la masana litalira, Gaspare anapeza mayi wamkulu atakhala pansi pa mtengo wa bulugamu kuseri kwa fakitale, miyendo ataitambasula. Patsogolo pake anali atayala chikho cha madzi, buledi, mchere ndi bulangete.

“Mundiuze maina a zinthu izi m'chilankhulo chanu,” anatero Teleza.

“Amayi, Chitaliyana si cha mwezi umodzi,” anayankha Gaspare m'Chinyanja chake chothyokathyoka.

“Ine sindikufuna chonse. Ndikufuna cha munthu mmodzi.”

Anayamba pomwepo. Madzi ndi acqua, buledi ndi pane, mchere ndi sale. Kutentha ndi caldo, kuzizira ndi freddo, ululu ndi dolore. Teleza sankadziwa kulemba ndi kuwerenga, choncho mawu aliwonse ankawabwereza njira yonse yopita kwawo, pakati pa mizere ya tiyi. Amayi othyola tiyi ankagwirana m'nthiti ndi kuseka. Ati taonani agogo alowa sukulu, mawa awagulira sileti. Iye sankatembenuka n'komwe. Galu wamkota sakandira pachabe.

Ndipo lilime anali nalo, zimenezo tisamumane. Anyanja a m'fakitale akati ayesere Chitaliyana ankasokoneza r ndi l, koma Teleza anali Mlomwe, ndipo r uja ankamugubuduza ngati anabadwa naye, mpaka Gaspare anawomba m'manja. Chinamuvuta ndi mawu aja ofuna kuima pang'ono pakati, monga latte, mkaka. Iye ankangowadutsa chothamanga.

“Muime, amayi, ngati mukufuna kudumpha ngalande, kenako mudumphe,” anatero mnyamatayo.

Anaima, nadumpha, ndipo mkaka unamveka mkaka.

Tsiku limene Gaspare anamuuza kuti kwawoko chinthu chilichonse ndi chachimuna kapena chachikazi, Teleza anaseka mpaka misozi, koyamba chigwereni mwamuna wake. Tebulo ndi mwamuna, il tavolo. Mpando ndi mkazi, la sedia.

“Ndiye anausuzumira ndani mpandowo kuti adziwe?” anafunsa akupukuta m'maso. Koma anazisunga, ndipo sanasokonezeponso.

Kenako anafika pa mawu amene ankawafunitsitsa. Vuoi, kutanthauza ukufuna. Andare, kupita. Restare, kutsala. Anawanena mpaka anafewa m'kamwa.

Koma kunyumba zinthu sizinkasuntha. Teleza ankalowa m'chipinda, n'kugwada pambali pa bedi, maso pansi, monga mkazi woleredwa bwino amachitira.

“Bambo a Alesi, acqua?”

Zii. Chikho chikafika pamlomo ankamwa, koma maso ali kukhoma. Nthawi zina ankang'ung'udza yekha mawu ataliatali, osati kwa iye. Teleza ankatuluka, n'kukalirira kuseri kwa nyumba kuti asamumve. Zinkamupweteka kwambiri kuti munthu amene ankamuzindikira ndi mapazi okha tsopano sakumutembenukira.

Tsiku lina Gaspare anabwera kudzazonda wodwala, naima pakhomo n'kuona zonsezi. Atatuluka panja anafunsa.

“Amayi, mukumuitana kuti chiyani?”

“Bambo a Alesi. Alesi ndi mwana wathu uja anakwatiwa ku Khonjeni.”

“Dzina limenelo linapita limodzi ndi Chinyanja. Iye sakudziwa kuti mukulankhula naye. Muimirire, mumuyang'ane kumaso, mumuitane dzina limene anamupatsa mayi ake. Anselmo.”

Teleza anadzidzimuka ngati waponda moto.

“Mwana iwe, anakulera ndani? Ine nditchule dzina la mwamuna wanga? Ndiwaimirire pamutu?”

Dzinalo ankalidziwa, koma linali lisanatulukepo pakamwa pake. Kwawo mkazi satchula dzina la mwamuna wake, ndipo wotero ndi amene banja lamukwana. Kumuitana choncho munthu atagona, wosatha n'kudzitembenuza komwe, kwa iye kunali ngati kumuvula pagulu. Anakana kwamtuwagalu. M'malo mwake anaganiza kuti vuto ndi katchulidwe kake, choncho anawonjezera khama. Ankafika pansi pa bulugamu belu lisanalire, n'kumufinya Gaspare mpaka mnyamatayo kuiwala kudya. Mawu anachuluka, anayera, koma kuchipinda kuja kunali kuli zii. Apa Teleza analakwitsa, koma angamudzudzule ndani? Unali ulemu umene unamumanga.

Mwezi unatha. Lole inafika m'mawa, nkhungu isanachoke m'minda. Amayi othyola tiyi anaima m'mbali mwa msewu, madengu ali kumsana, ndipo ngakhale kapitawo sanawathamangitse. Amuna anamutulutsa Kanjerwa pa machira. Teleza ankatsatira pambuyo, atawerama, akunong'ona Chitaliyana chake chonse chimene anachivutikira, bambo a Alesi, bambo a Alesi, koma wodwalayo maso anali kumwamba. Anamukweza m'lole, namugoneka pa matiresi. Dalaivala anapita kutsogolo kukapukusa injini.

Injini itangolira, Teleza anamva kuti akapitiriza ulemu atsala ndi ulemuwo, munthu atapita. Anamanga nsalu yake m'chiuno, naponda tayala, nakwera. Anaima chilili pamwamba pa mwamuna wake, esiteti yonse ikuona, kenako anawerama n'kumugwira masaya ndi manja onse awiri.

“Anselmo!”

Amayi aja anagwira pakamwa. Wina wachikulire anati kalanga ine, natembenuka kuti asaone.

Maso a wodwala anasuntha pang'onopang'ono, nafika pankhope pake, nakhazikika.

“Anselmo, sono Teleza.” Ndine Teleza. Sanadumphe mawu ngakhale amodzi. “Vuoi andare? Vuoi restare?”

Manijala, amene anali ataima pambali pa lole, anakweza dzanja, dalaivala nazimitsa injini. Milomo ya Anselmo inagwedera osatulutsa kanthu, inayesanso, inalephera. Teleza anafuna kubwereza funsolo, koma anadzigwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anapukuta dovu lija ndi nsonga ya nsalu yake, mwakachetechete, thupi lake litatchinga kuti anthu asaone.

“Resto,” anatero mwamunayo, mawu ali osasa. Anapuma. “Resto con te.”

Teleza sanafune womasulira. Gaspare ndiye anatembenukira kwa manijala, chipewa chili m'manja.

“Akuti atsala, bwana. Akuti atsala ndi iwowa.”

Manijala anauza amuna aja kuti amutsitse bwinobwino. Koma asanamunyamule, Anselmo anagwira mkono wa mkazi wake ndi dzanja lake lamoyo lija, nayamba kulankhula. Analankhula nthawi yaitali, akudodoma, akubwerera, misozi ikulowa m'makutu. Teleza anatchera khutu ndi mphamvu zake zonse, koma Chitaliyana chake cha madzi ndi buledi sichinafike kumeneko. Chimene anatolapo ndi dzina lake lokha.

Gaspare, amene naye anali atakwera m'lole kudzathandiza kumutsitsa, anatsegula pakamwa kuti amasulire. Teleza anamuletsa ndi dzanja, osachotsa maso pa mwamuna wake.

“Ayi, mwana wanga. Amenewo ndi anga, asadzere kwa wina. Iwe ungondiphunzitsa, ndidzawauza eni akewo abwereze.”

“Zitenga nthawi, amayi.”

“Nanga akupitanso kuti?” anatero Teleza. “Gwira uko, tiwatsitse.”